Tsiku Limene Ba Mainess Sanapite Kukayezetsa Mafupa

Ba Mainess ndi ine takhala moyandikana ku Chawama zaka makumi awiri, tonse amasiye. Makolo awo anachokera ku Malawi, koma Ba Mainess anakulira kuno pamsika, kusenza madengu a tomato kuchokera ku msewu wa Kafue. M'chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu ankadziwika kuti sajomba maliro. Mnzathu akamwalira, bokosi timanyamula ndife amayi a yunifomu, ndipo Ba Mainess ankagwira kumutu.

Ine ndimasoka, choncho ndinali woyamba kuona kuti akufupika. Siketi yawo yakuda ndinaipinda kawiri pa zaka zitatu.

"Ba Luse, iyi siketi ikula monga mwana," ankatero akuseka.

Chaka chatha anaterereka pampopi nathyoka mkono. Dokotala wa pakiliniki sanakhutire, anati kugwa kochepa chotero sikuthyola fupa lolimba. Anafotokoza kuti mayi akasiya kusamba, mafupa amatha kudyeka mkati ngati thabwa la chiswe, mwiniwake osamva kanthu. Anawalembera kalata yokayezetsa kulimba kwa mafupa pa makina a chipatala china m'tauni, nawaletsa kunyamula zolemera. Anadikira miyezi inayi kuti apatsidwe tsiku.

Tsikulo linakumana ndi maliro a mnzathu Ba Ndaona. Ndinachonderera Ba Mainess kuti apite kuchipatala, koma Ba Sophie, apampando athu, anatimva.

"Kwanja kunapola kudala," anatero Ba Sophie, akuloza mkono umene unachira kale uja. "Makina sazathaba. Manje imwe Ba Mainess mukafa, bazakunyamulani ni makina?"

Amayi anaseka. Ba Mainess anapinda kalata ija naimanga pakona ya chitenje. Ine sindinawaletsenso, ndipo mpaka lero ndimalapa tchimo limenelo.

Ku manda a ku Chunga nthaka ndi yokumbikakumbika. Titatsitsa bokosi m'galimoto, Ba Mainess atagwira kumutu monga mwa masiku onse, phazi lawo linalowa m'kadzenje. Sanagwe n'komwe, anangokhala pansi ngati munthu wotopa. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Nyimbo sinaleke, wina anangolowa pamalo pawo.

Mafupawo anawayeza pambuyo pake, atawatengera pamachira. Anati ndi ofooka kwambiri, ndipo mankhwala owalimbitsa alipo, akanayenera kuyamba kalekale. Tsopano yatha miyezi isanu ndi iwiri Ba Mainess osaponda pansi. Malo awo pamsika akugulitsapo munthu wina. Amayi a chigwirizano anabwera kudzaimba mwezi woyamba wokha. Amene amawasambitsa ndi kuwatembenuza ndine, ndisanatsegule makina anga osokera.

Sabata yatha Ba Sophie anabwera. Anaima pakhomo, sanalowe chifukwa cha fungo la m'chipindamo.

"Limbani mtima, Ba Mainess. Ni chifuniro cha Mulungu."

Ba Mainess anandikodola ndi chala, ine ndinawerama.

"Ba Luse," anandinong'oneza, "nitembenuzeni niyangane ku chipupa."

Ndinawatembenuza.