Mpunga wa m'mabeseni

Chaka chimene ukwati wanga unatha, ndinabwerera kwa makolo ku Area 23 ndi mwana kumsana. Tinali titangoyamba kuvotera zipani zambiri. Bambo anali atapuma pantchito yofufuza za mbewu, koma manja awo anakana kupuma. Kuseri kwa nyumba ankalima mpunga m'mabeseni akutha, amayi akudandaula kuti mpungawo umasamba kuposa ife.

Akuchimuna anatumiza uthenga kuti akubwera kudzatenga mwana, poti analowola. Bambo, munthu wa ku Karonga, mkulu wa mpingo, sankatsutsa mwambowo. Ine zinandiwawa moti ndinasiya kuwalankhula.

M'mawa wina anandiitana kumabeseni. Anati ankakwatitsa mitundu iwiri ya mpunga, kutenga mungu wa uwu n'kuwaza pamaluwa a uwo, kenako n'kusinthanitsa. Beseni lina ngala zinawerama ndi kulemera. Linalo zinaima njo, mankhusu okhaokha.

"Makolo ndi omwewo," anatero, "ndangosintha amene akhale mayi. Pali zina zimene mungu sunyamula. Zimayenda ndi mayi yekha, mbewu ndi mbewu."

Ndinadikira kuti apitirize, koma anangotola chitini n'kuyamba kuthirira. Mpaka lero sindidziwa ngati ankauza ine kapena ankadziuza okha.

Alendo aja atafika, bambo sanatchule za mpunga. Anawalandira mwaulemu, anapemphera nawo, kenako anati mwana sangachoke chifukwa akadayamwa.

Mwanayo anali atasiya bere kalekale, ndipo bambo ankadziwa.