Pirano, Woimba Ng'oma wa a Jhandani

Pirano Manganhar anayamba kuimba ng'oma pamisonkhano ya banja la a Jhandani ndevu zisanamere. Tonse m'mudzi mwathu tinkalima thonje m'minda ya banjalo, ndipo voti yathu inali yawo ngati thonjelo. Agogo awo anali nduna, mwana wawo anakhalanso nduna, kenako pazipupa panabwera nkhope ya mdzukulu, Shahmir, amene anakulira kunja ndipo chilankhulo chathu cha Chisindhi ankachita kuwerenga papepala.

"Iwe Pirano, ukuimbira mwana wosadziwa n'komwe dzina la mudzi uno?" ankamuseka Lakhano wogulitsa tiyi.

"Ndinaimbira agogo ake, ndimusiye chifukwa cha lilime? Thira tiyi, ndipo leka kutimwetsa madzi a m'ngalande."

Chisankho chitayandikira, lole inabwera kudzatitenga kupita kumsonkhano. Pirano anakwera ndi mwana wake Waryam, amene anali atangokwatira kumene. Anatipanikizamo ngati mbuzi. Pamlatho lole inapendekeka n'kugwera m'ngalande yaikulu. Pirano anapulumuka chifukwa anakakamira ng'oma yake, imene inayandama. Waryam tinakamuvuula mawa lake kumunsi, pa chitseko chotsekera madzi a m'ngalandemo.

Shahmir anabwera pamaliro ndi anthu ojambula. Anagwira Pirano paphewa.

"Pepani bambo. Mwana wanu Wazir wafera chipani."

"Waryam, bwana."

Koma bwanayo anali atatembenuka kale.

Bhagan, mkazi wa Pirano, anamuuza kuti, "Mukadzaigwiranso ng'oma imeneyo, musadzadyenso chophika ine." Pirano anaipachika kudenga. Sabata isanathe kapitawo wa minda anafika pakhomo.

"Achimwene, Lachisanu kuli msonkhano. Tikufuna ng'oma."

"Tikadali pamaliro."

"Ndamva. Kodi nyumba yanuyi ili pamalo a ndani?"

Lachisanu Pirano anaimba. Ndinalipo. Sanaphonye ngakhale pamodzi, koma maso anali pansi mpaka kumapeto. Atabwerera anapeza Bhagan atapita kwa mlongo wake kumzinda wa Sukkur, ndipo sanabwerenso.

Shahmir anapambana. Chaka chotsatira anagula zokuzira mawu zoimba nyimbo zojambulidwa mumzinda, ndipo Pirano sanaitanidwenso. Anayamba kuweta njati za anthu, zimene kwathu timaweta ngati ng'ombe, akugona yekha m'nyumba ija, mpaka chifuwa chinamutenga nyengo yozizira.

Pomuika tinalipo ochepa. Ambiri anali ku ukwati wa mlongo wake wa Shahmir, kumene ankagawa mpunga wa nyama.