Chingwe cha Kamba Wanga

Ndikukumbukira kuti ndinali mu Sitandade 3, kapena mwina ndinali nditabwereza kale, pamene ababa anabwera kuchokera kumunda wa mpunga ndi akamba awiri m'chipewa. Wina anali wamkulu ngati mbale yandiwo, wina kakang'ono, chigoba chake chofewa ngati chikhadabo cha khanda. Kwathu kuno kwa Mwambo kamba ndi ndiwo. Ine ndinalira mpaka amayi anati, "Mpatseni Esinatiyo, angatigonthetse m'makutu."

Ababa anali msodzi, ndiye chilichonse ankachimanga chausodzi. Anadula bango, nazika mpanda wozungulira kuseri kwa nyumba, wothina bwino ngati wotchingira nsomba. Ine ndinkaponyamo kholowa ndi makoko a papaya. Kamba akamadya amamveka kuti khwe, khwe, pang'onopang'ono, ndipo ndinkatha kukhala pamenepo mpaka kuiwala kuti anandituma madzi.

Woyamba kutilanda anali khwangwala. Masanasana, ine ndikuona, anatera m'kholamo, natola kakang'ono kaja n'kuuluka nako cha kunyanja. Ndinamuthamangira ndi chibuma, ngati kuti chibuma chingafike kumwamba.

"Mdani wachokera kumwamba, titseke kumwamba," anatero ababa. Anatenga ukonde wakale wa matemba n'kufunditsa khola lonse. Ndinasangalala. Koma ukondewo unali ndi fungo la nsomba, lija losachoka ngakhale uchape bwanji. Fungolo linaitana ng'azi kuchokera kudambo. Inakwera pamwamba, inakodwa, inaphiriphitha mpaka mbali ina ya mpanda inagwa. Anyamata anaipha ndi zibonga, ndipo kamba wanga tinakamupeza akuyenda m'chinangwa cha eni ake, osatekeseka n'komwe.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kusokonezeka. Ukonde tinaikira kumuteteza, ukonde womwewo waitana ng'azi. Ndiye tichotse? Tikachotsa, khwangwala. Ababa ankati wamkuluyu khwangwala sangamunyamule, amayi ankati angamukolowole maso. Aliyense ankayankhula motsimikiza ngati anakhalapo kamba.

A Che Saidi, anzawo a ababa opalasa nawo bwato limodzi, anabwera kudzaona mpandawo. Iwo kamba sadya, ndiye ankawaseka ababa.

"Achimwene, mwayamba kuweta ndiwo? Mawa tidzamva kuti mwamangira khola mlamba."

"Ndi wa mwanayu, Che Saidi."

"Ndiye mumangireni ngati bwato. Bwato losamanga umalipeza kuchilumba cha Chisi."

Ababa anaona kuti n'zanzeru. Anatenthetsa msomali, naboola kumapeto kwa chigoba cha kambayo, cha kumchira. Fungo lake linali ngati la tsitsi lopserera. Ndinafunsa ngati akumva kuwawa, ababa anati ayi, koma miyendo yake inkapalasa m'mwamba. Anapisamo chingwe cha ukonde chija chosaduka, namanga pachikhomo pakati pa khola. Amayi anathira phulusa kuzungulira mpanda wonse, kuopa linthumbu. Ndiye kumwamba ukonde watsopano wosanunkha, m'mbali bango, pansi phulusa, pakati chingwe. Ndinati basi, tsopano palibenso chingamupeze.

Kenako inafika sabata ija ankatitenga tonse kukagwira ntchito zachitukuko. Nthawi imeneyo sunkati ndatopa, ayufi ankayenda khomo ndi khomo. Ife a sukulu anatipatsa kulambula msewu wa ku Kachulu, amayi anali kokonzekera magule, ababa ali panyanja. Mvula inagwa cha kum'mawa, phulusa lonse linakokoloka, koma ine ndinatuluka mothamanga ndi khasu, sindinaganizeko.

Pobwera dzuwa litapendeka, ndinadabwa kuti pakhomo pali zii. Nkhuku zonse zinali pamtengo wa mango. Mbuzi ya amayi inali itadula luzi n'kuthawira kwa aneba. Kuseri kwa nyumba nthaka inali yakuda, ikuyenda. Linthumbu.

Ndinalowa momwemo, likundiluma mpaka m'ntchafu. Kamba sanali pakati pa khola. Anali kumpanda. Anali atakumba dzenje pansi pa bango, dzenje labwinobwino, kuwala kukuoneka mbali inayo. Mutu ndi miyendo yakutsogolo zinali m'dzenjemo, chingwe chili nga nga nga kumbuyo kwake. Kunatsala pang'ono, mwina ngati chikhatho changa.

Ndinaluma chingwecho ndi mano, osaduka. Ndinazula chikhomo n'kuthamanga naye kukamuviika mumtsuko wa madzi akumwa. Linthumbu linkatuluka m'chigobamo ngati silitha. Kamba anakhalako pang'ono, osadya, maso otupa, kenako anafa.

Ababa atabwera anayang'ana dzenje lija nthawi yaitali. Ndinawafunsa kuti, "Ababa, ndiye tikanatani?" Anandiyankha kuti, "Kaya, mwanangu." Aka kanali koyamba kuwamva akunena kuti kaya. Sanamudye. Anakamukwirira okha kuchulu.

Mpaka lero ndimaganizabe, ndipo sindinapeze polakwika penipeni. Che Saidi sananame, kamba akanapanda chingwe akanasochera. Amayi sananame za phulusa. Aliyense ananena zoona, koma kamba anafa. Sukulu sindinapite nayo patali, mwina ophunzira angalongosole.

Chaka chathachi mwana wanga wotsiriza, Tadala, anatola kamba kudimba. Ndinamumangira khola la bango, waya pamwamba, phulusa tsiku ndi tsiku. Bambo ake anatenga msomali, ine ndinati ayi, uyu yekha musaboole. Sabata isanathe, tinapeza dzenje pansi pa mpanda, m'khola mulibe kanthu.

Tadala analira, nandifunsa kuti, "Amayi, nanga ng'azi ikakamudya kudamboko?"

Ndinafuna kumuuza kuti siingamudye, koma sindikudziwa. Mwina inamudya tsiku lomwelo. Chomwe ndaphunzira m'zaka zonsezi n'chochepa: chinthu chamoyo ungachitchingire kumwamba ndi m'mbali, koma uchisiyire pothawira, chifukwa tsiku limene zidzavute iwe udzakhala uli kwina. Ndinagwada n'kupisa dzanja m'dzenjemo, linatulukira kunja, ndipo ndinamuuza Tadala kuti apisenso lake.