Mchombo wa Kagalu ka Dona

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, amene anali khukhi pa munda wa fodya wa mzungu wina kufupi ndi Katete. Ndinali nditangokwatira kumene, ndipo anzanga onse anali atapita ku Halale. Ine sindinkafuna kusiya mkazi wanga. Malume atati Dona, mkazi wa mzunguyo, akufuna wosamala agalu, ndinavomera msanga, ngakhale anthu ankaseka kuti munthu wandevu zake n'kumaphikira galu phala.

Ndinkaphika phala la mgaiwa ndi mafupa, kuzula nkhupakupa ndi kachitsulo kopanira, kusambitsa agalu ndi sopo wa kaboliki, ndi kuyanika masaka awo ogonapo padzuwa. Lamulo la Dona linali limodzi: "Ukaona chachilendo, undiuze tsiku lomwelo."

Mwezi wachitatu galu wamkazi anaswa ana asanu, Dona ali ku boma. Anayi mayi wawo anawaluma mchombo yekha, koma wachisanu anamusiya chifukwa chotopa. Ine, wanzeru zosaitanidwa, ndinang'amba bango n'kudula mchombowo, monga ndinkamvera kuti azamba amachitira.

Mchombo unagwa, koma pamalopo sipanaume. Pankangodontha, ndipo nditanunkhiza ndinapeza kuti ndi mkodzo. Kagaluko kankakodza njira ziwiri. Ndinkakhulupirira kuti ndakaboola ndi bango lija. Malume anati ndizipakapo phulusa ndi mafuta a nsatsi ngati pa khanda, ndipo ndisatsegule pakamwa. Milungu iwiri ndinkasintha saka katatu pa tsiku, kwinaku kamimba kake kakufiira ndi zilonda. Odziwa anali malume ndi mkazi wanga basi.

Tsiku lina kunabwera dotolo wa ng'ombe kudzaona dibi losambitsiramo ng'ombe. Dona anafuna kumupatsa kagalu kamodzi, n'kundituma ndibweretse onse m'dengu. Mwa asanu onsewo, munthu uja anatola komweko. Atakatembenuza, dzanja lake linanyowa. Dona anangondiyang'ana. Ndinagwada n'kuulula zonse, za bango ndi za phulusa, m'maganizo ndili kale pa msewu wa ku Halale.

Dotoloyo anafinya kamimbako pang'ono, dontho n'kutuluka. Kenako anayankhula m'Chinyanja chake chopunduka.

"Bango lako lilibe mlandu. Kanabadwa nako. Koma phulusa ili, mlandu ulipo."

Anafotokoza kuti mwana akakhala m'mimba, pamakhala kanjira kochokera ku chikhodzodzo kupita ku mchombo, kamene kamatsekeka akabadwa. Ka uyu sikanatsekeke, ndipo iye anali ataziwonapo pa ana a ng'ombe. Anameta ubweya, anatsuka ndi madzi amchere owiritsa, anakulunga thonje pa kamtengo, n'kuliviika mu ayodini ndi kulilowetsa pang'ono pa kabowoko. Kagaluko kanalira mpaka ine ndinatseka maso. Anati ndizitero m'mawa ndi madzulo, ndipo kakapanda kuuma pa masiku khumi, palibenso chochita.

Dona anati za ntchito yanga tikamba masiku khumiwo akatha, ndipo anandiletsa kupita kumudzi. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndakhudza saka ndisanasambe n'komwe. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinalipeza louma, pamchombo pali nkhanambo. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Dona anati ndikhale, koma ndikadzabisanso kanthu ndisadikire kuuzidwa kuti ndichoke. Zipsera za phulusa sizinachoke pa kagaluko, ndipo ndinkachita manyazi ndikamakasambitsa. Kuyambira pamenepo, chimene sindikuchidziwa ndimachinena chikadali chaching'ono.

Lamulungu lotsatira ndinapita kumudzi. Ndinapeza mkazi wanga atakazinga kale mtedza wa kamba wanga wa paulendo wa ku Halale, atamanga m'kansalu. Ndinamasula mfundoyo, tinadyera pakhonde pomwepo.