Mawaya Atatu Opanda Polowa

Ndili pa galaja ya a Banda, amakaniko athu. Dashibodi ya galimoto yanga ili pansi ngati mbuzi yosenda. Mchemwali wanga wakhala pampando wakumbuyo atavala diresi la ukwati, kutchalitchi anthu akudikira.

Tikubwezeretsa zonse, wailesi yatsopano yalowa, koma mawaya atatu atsala, akungolendewera. A Banda waya amamudziwa pomulawa. Akuika wofiira palilime.

"Uyu ndi wotenthetsa mipando ku Japan, kuno alibe ntchito," akutero, n'kumumanga ndi kachidutswa ka jumbo.

Akulawa wachiwiri, hutala ikulira m'kamwa mwawo.

Wachitatu ndi wobiriwira, wofunda ngati chala cha munthu. Ndikumulondola pansi pa chiwongolero, akudutsa pakati pa mipando, akukalowa m'diresi lija.

"Achimwene, ameneyo musadule," akutero mchemwali wanga.

"Nanga timulumikize pati, a Banda?"

"Galimotoyi munagula yakale. Kafunseni amene ankayendetsa."

Ndikupotokola kiyi. Injini ili zii, koma mchemwali wanga akuyamba kuwerenga mauthenga a maliro ndi mawu a pawailesi.

Ndadzuka nditagwira chingwe cha neti ya udzudzu, ndipo sindikudziwa ngati ndichisiye.