Tsiku Limene Ndinamulanda Tadala Nyimbo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinafika pa ndege ku Edmonton, dera loyandikana ndi Tottenham. Amayi anali atandisiya kwa azakhali ku Ndirande zaka zisanu m'mbuyomo, iwo n'kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino atatenga mng'ono wanga Tadala, poti anali wamng'ono. Ndinamupeza Tadala ali ndi zaka khumi, akulankhula Chingerezi cha m'mphuno, akudziwa basi iliyonse, ndiponso akuimba.

Kuimbako ndi kumene kunandiwawa. Ku Ndirande woimba ndinali ine. M'kwaya ya ana woyambitsa nyimbo ndinali ine, ena onse n'kumavomera. Koma kuno mphunzitsi wa kusukulu kwa Tadala, mayi wachikulire wa ku Italy, anali atamusankha kuti azimuphunzitsa nyimbo za opera, masewero aja amene nkhani yonse amachita kuimba. Lachitatu lililonse Tadala ankabwera kunyumba ndi zatsopano: ati opera inayambira ku Italy zaka mazana anayi zapitazo, ati poyamba inali ya m'nyumba za mafumu, kenaka inatsegukira anthu wamba, ati kalelo anthu ankaonera akudya ndi kucheza, zokhala chetezi zinabwera pambuyo. Amayi ankamvetsera mapazi awo otupa ali m'beseni, maso ali pa Tadala. Ine ndinkatsuka mbale moziwombanitsa dala.

Tadala anapatsidwa nyimbo ya Chitaliyana yoti akaimbe yekha pa konsati ya sukulu. Ankaiyeserera m'chipinda chathu, ine nditatembenukira kukhoma ngati sindikumva. Chonsecho ndinaigwira yonse ndi khutu, ngakhale tanthauzo la mawu ake sindinkalidziwa.

Konsatiyo inali Loweruka masana. Muholo munkanunkha polishi ndi majekete onyowa. Amayi anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti apezekepo. Piyano italira, Tadala anayamba, kamawu kake kakang'ono koma koyera ngati madzi. Ndinayang'ana amayi. Anali atagwira pachifuwa, maso ali pa Tadala. Chifikireni changa anali asanandiyang'anepo choncho.

Pa ndime yachiwiri ndinalowa m'nyimbomo ndili pampando wanga. Ndisanamepo, sikunali kuiwala. Ndinatsegula kukhosi monga tinkachitira kukwaya, mawu anga n'kudzaza holo yonse. Mitu inatembenuka. Tadala anasochera, anayesa kubwerera, anasocheranso. Piyano inapitirira pang'ono yokha, kenaka zii. Anafufuza ndi maso mpaka anandipeza, n'kutsika pansanja akuthamanga.

Tinabwerera pa basi. Titalowa m'nyumba Tadala anakadzitsekera kubafa, ine ndinayamba kudziteteza ndisanafunsidwe.

"Amayi, ifetu kwathu nyimbo timavomera. Ndiponso Tadala yemweyo ananena kuti kale anthu sankakhala chete."

"Mwayi, usandipusitse," anatero amayi, jekete asanavule. "Wovomera amayenda pansi pa woyambitsa. Iwe unamukwera pamutu."

Ndinadikira mbama, koma siinabwere. Anangokhala pampando.

"Zaka zonsezi palibe anandiuza kuti umaimba chonchi," anatero, misozi ikutsika. "Mwana wanga ndine wom'bala, mawu ake osawadziwa."

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi mpaka lero: mumtima ndinasangalala. Chimene ndinkafuna ndinachipeza. Mwezi womwewo amayi anandilowetsa kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Tottenham, ndipo ankakhala kutsogolo kundimvetsera.

Tadala sanabwererenso kwa mphunzitsi wake. Mayi uja anaimba foni kawiri konse, Tadala ankangouza amayi kuti, "I don't want to, Mum." Panopa amagwira ntchito ku Romford, timachezerana bwinobwino, ana anga amawakonda. Koma kutchalitchi ndikamuyang'ana, amangogwedeza milomo. Nkhaniyi sitinaikambepo. Ndayesa kangapo, koma ndimalephera kuiyamba.

Tsopano ndili ndi ana awiri, ndipo mwina ndimada nkhawa mopitirira. Wamkulu akangoti duu ine ndikuseweretsa khanda, ndimasiya masewerowo. Ndimaligoneka khandalo, n'kupita kukamufunsa wamkuluyo kuti lero kusukulu waphunzira chiyani, chifukwa ndikudziwa kumene kukhala chete kotero kumathera. Mlandu wanga unali ndi amayi, amene anandisiya. Koma amayi ndinkawaopa, ndinkawafunanso, ndiye ndinakaulipiritsa mwana wa zaka khumi amene sanasankhe kukwera ndege ija.