Mfuti ya Nkhuku Zitatu

Inali mfuti ya gogodela, yaitali kuposa ine, mpope wake wofiira ndi dzimbiri, pomwe udasweka mtengo wake adakulungapo mphira ya njinga. Inkanunkha utsi ndi mafuta a nsatsi. Idabwera pakhomo pathu chaka chimene anyani a m'phiri adatipezerera, chimanga chitayamba kumene kukhwima.

Munda unali wa amayi, kumunsi kwa phiri, kwa Kawinga. Koma wolamula anali amjomba, mlongo wawo wa amayi. Abambo anali mkamwini chabe, munthu wobwera, wolima m'dothi la eni ake. Amjomba atanena kuti pafunika mfuti, panalibe wowatsutsa.

Amisiri opanga mfuti analipo awiri. Wina anali nkhalamba yosula makasu kufupi ndi Nsanama. Iyeyo ankafuna mbuzi ziwiri, ndipo umayenera kudikira mwezi wathunthu. Amayi adamuonapo akupereka mfuti kwa munthu wina: ati adaidzaza yekha wonga, n'kuiika paphewa pake, tsaya atagunditsa, n'kuwomba. Winayo anali wokonza njinga wochokera tsidya la Shire, kwa Kalembo, wakamwa lotsekemera. Iye adati nkhuku zitatu zakwana, Loweruka ibwera.

"Mfuti ndi mfuti, anyani sadzafunsa mtengo wake," adatero amjomba. Mbuzi anali nazo zisanu m'khola. Ndimanena zimenezi chifukwa ndinkazidyetsa ndine.

Loweruka masana wanjinga uja adafikadi, mfuti ataikulunga mumkeka. Anthu adasonkhana. Adaimangirira pamtengo wa mango, n'kumanga chingwe chachitali pa kachitsulo kowombera, n'kupita nacho kuseri kwa chulu. Adagona chafufumimba, n'kukoka. Phuu! Nkhuku zidabalalika, makutu anga adalira mpaka madzulo. Utsi utatha mfuti inali bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja. Amayi okha sadawombe. Ankayang'ana munthu uja akusasa dothi pamimba.

Mpaka lero adzukulu anga akabwera ndi chinthu chogula motchipa, sindiyang'ana chinthucho iyayi. Ndimayang'ana pamene waima wogulitsayo. Amati agogo ndinu okayikira aliyense. Ndimangoti eya.

Tonse tinkayesa kuti amjomba ainyamula okha. Koma adaitenga ndi manja awiri n'kuipereka kwa abambo, pamaso pa anthu. "Alamu, maso akuthwa pano ndi anu. Ine ndakalamba." Anali asanamere ndi imvi imodzi yomwe. Ine ndidalumpha ndi chimwemwe. Abambo anga, amene pamilandu ankakhala kumbuyo, lero apatsidwa mfuti! Ndidauza aliyense kusukulu, mpaka aphunzitsi adanditontholetsa.

M'mawa uliwonse abambo ankakwera pansanja ya kumunda, ine ndikuwanyamulira chikho cha thobwa. Anyani ankatsika dzuwa likatentha, mtsogoleri wawo patsogolo, chimphongo chachikulu chothothoka ubweya paphewa. Abambo ankaloza, n'kukoka. Kha! Basi. "Yakana," ankatero mosakwiya, n'kutsika kukawathamangitsa ndi miyala ndi kukuwa. Mawa lake chimodzimodzi. Anyani si opusa. Sabata isanathe chimphongo chija chinkakhala pachitsa n'kumasenda chimanga chikutiyang'ana.

Tsiku lina ndidabwerera kunyumba nditaiwala chikho. Ndidapeza amayi kuseri kwa nkhokwe, atatsegula kachitini kosungira wonga wa mawa. Ankaviika zala m'madzi n'kumadonthezeramo, pang'onopang'ono, ngati akuthirira mbewu ya fodya. Sadandione. Ndidathamanga mpaka kumunda.

"Ababa, amayi ndi amene akuwononga wonga! Ndawaona!"

Abambo adangoti, "Chikho chija chili kuti?" Nkhani idathera pomwepo. Dzuwa linalipo lambiri chaka chimenecho, koma sindidawaonepo akuyanika wonga ngakhale kamodzi.

Tidakolola theka la munda. Amjomba adabwera kudzasuzumira m'nkhokwe, ndipo adalankhula mokweza kuti a nyumba zoyandikana amve: mkamwini wopatsidwa mfuti m'manja n'kulephera kupha ngakhale nyani mmodzi, ameneyo ndi mwamuna kapena mlendo wodzadya? Abambo adangowerama, zala zawo khumi zili pamaondo. Amayi ankapeta mphale osatukula mutu. Chaka chimenecho tidadya gaga, amayi n'kumayenda maganyu mpaka kudambo la mpunga.

Ine ndidakwiyira onse awiri. Ndinkaona mayi woba chakudya cha ana ake n'kupatsa anyani, ndi bambo wamantha wolekerera. Kwa amjomba ndiye ndinkapita kukakhala pakhonde, poti ndiwo okha adalemekezapo abambo anga. Sindinkadziwa kuti mfuti yotere imatha kuphulikira woiwomba, ndiponso kuti munthu akhoza kuwerengera mbuzi zake, n'kuwerengera nkhope ya mlamu wake, n'kuona kuti yotchipa ndi nkhopeyo.